Mbumba ya kwa Anaphiri: za chilangizo cha Thoko

Lolemba

Chisomo: Mwaswera bwanji nonse. Ndikukumbutseni kuti chilangizo cha Thoko ndi Loweruka pa 29 Novembala kwa Mayi Aakulu ku Chinamwali, ukwati pa 6 Disembala. Tinagwirizana K15,000 khomo lililonse. Makomo 9 atumiza, atsala 5. Mukatumizira kwa ejenti mundiuze dzina, chifukwa pa uthenga pamabwera dzina la ejentiyo.

Yamikani wa ku Joni: Yanga ifika Lachitatu achemwali. Ndawonjezera ya tenti, mvula ya kumapeto kwa Novembala simadalirika.

Malume Wyson: Zikomo ana inu. Unkhoswe wa kuchikazi ndi wanga ndi Limbani, ine wamkulu iye wamng'ono. Akuchimuna anditsimikizira kuti abwera anthu 8.

Tadala: Malume, Mayi Aakulu, ndili ndi pempho pa ndondomeko ya tsikulo. Pachilangizo timanena za kulandira alendo, za apongozi, za kuchipinda, n'kutseka ndi mawu akuti banja ndi kupirira. Ndikupempha ola limodzi loti tikambe zimene munthu sayenera kupirira. Mkwati amve nawo, ankhoswe a mbali zonse amve nawo.

Mayi Aakulu: Iwe Tadala, akuchimuna akamva tikukamba za nkhanza ukwati usanachitike, sanena kuti tamuyesa mwana wawo chilombo? Mnyamata uja ndi waulemu, ndamuona ndekha.

Tadala: Sitikunena iyeyo amayi. Ofesi ya National Statistical Office, yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, inachita kafukufuku m'dziko lonse mu 2015 ndi 2016. Mwa amayi 100 alionse amene anakwatiwapo, 42 ananena kuti mwamuna wawo anawamenyapo, kuwakakamiza zogonana kapena kuwazunza m'maganizo. Chiwerengero chimenecho sichingadumphe mbumba ya makomo 14. Ola limenelo ndi la tonsefe, chilangizochi changotisonkhanitsa.

Malume Wyson: Ine nkhanza yomwe ndimaidziwa ndi kumenya. Zinazo undimasulire, ndisakachite manyazi pamaso pa ankhoswe anzanga.

Limbani: Malume, lamulo lilipo, la 2006, dzina lake Prevention of Domestic Violence Act. Limatchula nkhanza yovulaza thupi, ya zogonana, ya m'maganizo ndi ya chuma. Ndipo silinena za mwamuna ndi mkazi okha. Likukhudza kholo ndi mwana, anthu okhala nyumba imodzi, munthu amene akudalira mnzake pa chisamaliro, ngakhale anthu amene anangoberekerana mwana osakwatirana. Wochitiridwa atha kukhala mkazi, mwamuna, mwana kapena gogo.

Mayi Aakulu: Ya chumayo ndiye iti? Mwamuna akasowa ndalama ndiye kuti wachita nkhanza?

Mlamu Mercy: Ayi amayi, kusowa ndi kusowa, onse awiri amagona ndi njala limodzi. Nkhanza ndi pamene ndalama ilipo koma wina waisandutsa chingwe. Imaoneka kwambiri nthawi yokolola. Awiri alima limodzi nandolo kapena mpunga, kupalira limodzi, kupuntha limodzi, koma tsiku logulitsa bambo anyamula matumba okha kupita nawo ku Jali kapena ku Songani, n'kubwera patapita masiku 3 m'thumba mulibe kanthu. Mayi akafunsa, yankho ndi lakuti munda ndi wa ndani. Ina ndi ya kubanki mkhonde. Mayi ndiye membala, bambo amukakamiza kutenga ngongole, ndalama atenga bambo, koma tsiku lobweza gulu limadzalanda ziwiya ndi malata kwa amene analembedwa m'kaundula. Inanso ndi kuletsa mkazi geni kapena ntchito, kumulanda malipiro tsiku lomwe alowa, kumusiyira K2,000 n'kumafuna ndiwo za nyama ndi chenji, kugulitsa mbuzi kapena feteleza wa pakhomo mwakabisira.

Mlamu Mercy: Pali kanthu kena kakang'ono komwe anthu sakaganizira. SIM kadi ya Thoko ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso chake cha unzika, ndipo PIN ya Airtel Money kapena Mpamba aidziwe yekha. Nambala ikalembedwa m'dzina la mwamuna, tsiku lomwe zavuta mwamunayo atha kukaitseketsa kapena kutenga ina ya nambala yomweyo, ndalama zonse zili momwemo. Chimodzimodzi malisiti a katundu wamkulu ndi mapepala a puloti. Mayina onse awiri alembedwe pamene mtima uli m'malo.

Yamikani wa ku Joni: Alamu mwanena za foni, ndiwonjezereko. Kulanda foni usiku uliwonse n'kumawerenga mauthenga, kulamula kuti mkazi aziimba kanema kuti aonetse pomwe ali, kufufuta manambala a abale ake, kumutulutsa m'magulu ngati lino. Poyamba mtsikana amati ndi chikondi, akundichitira nsanje. Pakatha chaka alibe wina aliyense woti amuimbire. Ndiye pali kuopseza kuti ndimwaza zithunzi zako zamaliseche pa Facebook ukandisiya.

Limbani: Chimenecho ndi mlandu pachokha achimwene, pansi pa lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Woopsezedwayo asafufute mauthengawo. Ajambule sikirini nambala ndi tsiku zikuoneka, atumize kwa m'bale mmodzi wodalirika, kenako afufute pa foni yake umboni woti watumiza.

Mayi Aakulu: Koma ana inu, mwamuna kufunsa mkazi wake kumene ali ndi nkhanza? Tisafike poti anthu azilephera kulankhulana m'nyumba.

Mlamu Mercy: Kufunsa si vuto amayi. Muone zimene zimachitika mkaziyo akachedwa kuyankha. Ngati atha kunena kuti ndinali kumsika foni inali m'chikwama, nkhani n'kuthera pomwepo, palibe kanthu. Ngati akuthamanga thukuta lili kamukamu, kusiya ndiwo pamsika osalipira chifukwa foni yalira kawiri, pamenepo pali mantha. Nkhanza ya m'maganizo imadziwika ndi mantha amenewo. Kumutukwana pamaso pa ana, kumunena kuti ndiwe chumba, ndiwe mbuli, ndinakutola, kukhala milungu 2 osamulankhula, kukana chakudya chake n'kumakadya kwina anthu akuona, kubweretsa chibwenzi pakhomo, kuopseza kuti ndidzipha ukachoka kapena nditenga ana sudzawaonanso. Palibe bala loti n'kuonetsa, n'chifukwa chake ankhoswe ambiri amabweza munthu kuti wakumenya pati. Koma munthuyo tulo sakugona, wawonda, BP yakwera, wasiya kubwera kumaliro ndi kuzikwati.

Lachiwiri

Malume Wyson: Ndawerenga zonse usiku. Funso langa ndi ili. Ankhoswe ntchito yathu ndi kumanga banja. Mukatero ndiye kuti chilichonse tizithamangira kupolisi? Unkhoswe watha?

Limbani: Sunathe malume. Mikangano ndi yathu. Kusamvana pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, za achibale odzakhala pakhomo, za tchalitchi choti azipita, nsanje, ulesi, zimenezo tikhala pansi. Pamkangano anthu awiri amalankhula onse, wina akakweza mawu mnzake amayankha. Pankhanza mmodzi amalankhula, winayo amayang'ana pansi n'kumavomera zilizonse chifukwa akudziwa chomwe chikumudikira kunyumba. Tikawakhazika pamphasa imodzi n'kufunsa mkazi kuti fotokoza, tamuika pamoto. Akanena zoona akamenyedwa usiku womwewo chifukwa chomuyalutsa bambo. Akabisa, ife tinyamuka tikuti zatha.

Tadala: N'chifukwa chake lamulo loyamba la ankhoswe likhale lakuti wodandaula amvedwe payekha, kwina, tsiku lina. Ndipo mafunso akhale olunjika. Kodi umamuopa? Anakugwirapo pakhosi? Anakuopsezapo ndi mpeni, chikwanje kapena kunena kuti akupha? Anakumenyapo uli woyembekezera? Zikuchitika pafupipafupi kuposa kale? Akavomera limodzi lokha mwa amenewa, nkhaniyo yachoka m'manja mwa ankhoswe.

Mayi Aakulu: Za pakhosizo bwanji wazipatula?

Tadala: Chifukwa zimapha, ndipo zimabisala amayi. Munthu wokanyangidwa pakhosi nthawi zambiri saoneka bala kunja, koma mkati mumatupa pang'onopang'ono, ndipo mitsempha yopititsa magazi ku ubongo itha kuwonongeka. Atha kuoneka bwinobwino madzulo n'kuyamba kubanika usiku kapena mawa lake. Zoyang'ana ndi izi: mawu asasa, akumva kuwawa pomeza, timadontho tofiira m'maso kapena kumaso, anakomoka ngakhale pang'ono, anadzikodzera osadziwa. Ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo anene mawu enieniwo kuti anandikanyanga pakhosi, osati ndikumva chifuwa. Chinanso, mwamuna amene wafika pogwira pakhosi ndi amene ali pafupi kwambiri kupha. Ameneyo sitimubwezera mkazi ndi nkhuku yopepesera.

Tadala: Zina mwachidule. Womenyedwa m'mutu akamasanza, kuodzera kosadzutsika bwino, kusokonezeka kapena kutuluka madzi kapena magazi m'khutu, musadikire kuti kuche. Woyembekezera akamenyedwa kapena kukankhidwa n'kugwa, apite ngakhale asakuona magazi, chifukwa nsengwa itha kuyamba kulekana ndi chiberekero mkati. Wothiridwa madzi otentha kapena phala, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20, osapaka dzira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta. Bala lolumidwa ndi munthu limaola msanga kuposa mmene limaonekera, likatsukidwe kuchipatala. Ndipo kulikonse, auze dokotala chomwe chachitika kuti chilembedwe m'buku la kuchipatala. Akalemba kuti anagwa pa njinga, tsiku la kukhoti bukulo lidzaikira umboni womenyayo.

Malume Wyson: Apa ndamva. Paja akuluakulu ena amati kumenya ndi mankhwala a banja. Mawu amenewo pachilangizo chathu asamveke, ndikauza ndekha anzanga akuchimuna tisanayambe.

Mayi Aakulu: Achimwene, inu mukanena ndiye zamveka. Koma za kuchipinda ndi zanga ndi azimayi anzanga, amuna musalowererepo. Tadala, undiuze chomwe ukufuna ndikanene. Ife tinkalangiza kuti mwamuna sakanizidwa.

Tadala: Mawu amenewo ndi amene ndikupempha kuti asinthe amayi. Mukamuuze Thoko kuti thupi ndi lake ngakhale ali pabanja. Akadwala, akatopa, akangobereka kumene, ali ndi ufulu wonena kuti lero ayi, ndipo mwamuna womukonda amva. Kumugwira mwamphamvu, kumukakamiza zinthu zomwe sakufuna, kukana kondomu mwamunayo akudziwa kuti ali ndi matenda kapena akuyenda kwina, kumuletsa kulera kapena kumukakamiza kukachotsa kolerera ka pamkono, kumubisira kapena kumutayira ma ARV, zonsezi ndi nkhanza. Ya ma ARV imapha mwakachetechete, chifukwa munthu akamadumphitsa kumwa kachilombo kamachulukanso ndipo mankhwalawo atha kusiya kugwira ntchito.

Tadala: Ndipo izi aliyense pagulu pano azisunge, chifukwa zimafuna changu. Munthu akagwiriridwa, kaya wamkulu kaya mwana, pali maola 72 oti ayambe mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP. Amamwa masiku 28 osadumphitsa. Akayamba msanga ndi pomwe amagwira bwino, maola 72 akadutsa sathandizanso. Mapiritsi oletsa mimba adzidzidzi amagwira bwino m'masiku 3 oyamba, malire ake ndi masiku 5. Ngati n'kotheka asasambe asanaonedwe, zovala zomwe anavala zikulungidwe m'pepala kapena mu envelopu, osati m'jumbo, chifukwa m'pulasitiki chinyezi chimaononga umboni. Koma ngakhale atasamba kale apitebe. Ku Zomba Central Hospital kuli One Stop Centre, ena amati Chikwanekwane, komwe achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira malo amodzi. Musataye tsiku mukuyitana msonkhano wa banja. Chipatala choyamba, msonkhano pambuyo.

Chisomo: Achemwali, ndizilemba zimenezi pa pepala limodzi kuti tidzagawe. Manambala oimba ndi ati?

Mlamu Mercy: A YONECO, omwe likulu lawo lili konkuno ku Zomba, ali ndi manambala aulere. 5600 ndi ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, 116 ndi ya ana. Kupolisi ufunse ofesi ya Victim Support Unit, usafotokoze nkhani yako pakauntala pamaso pa aliyense. Ulembenso ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya kwa DC, ndi Legal Aid Bureau kwa amene alibe ndalama ya loya.

Lachitatu

Malume Wyson: Dzulo mwakamba za akazi. Ine ndine mwinimbumba, ndinenepo za akamwini athu, chifukwa mlandu umenewu ndi wathu ife eni mudzi. Mwamuna wabwera, wamanga nyumba ya malata pamalo pathu, walima zaka 10. Tsiku lomwe ntchito yamuthera, ayamba kumanidwa chakudya, kutukwanidwa pamaso pa ana kuti unabwera ndi chiyani pano, alamu ake kumuopseza, mapeto ake apatsidwa kachikwama kuti azipita. Ena amathiridwa madzi otentha ali m'tulo. Sanena, amaopa kusekedwa kubawo. Zimenezi zilowe pa pepalalo.

Limbani: Zilowa malume, ndipo lamulo la 2006 lija limamuteteza mofanana. Ku Victim Support Unit amalandira amunanso. Thoko auzidwe pamaso pa onse kuti dzanja lake, pakamwa pake ndi abale ake asakhale chida. Kungoti tisabise kuti ovulala kwambiri ndi ophedwa ambiri ndi akazi.

Mlamu Mercy: Malume mwakumbutsa chinthu. Pachikamwini mkazi akakuwa usiku, amalume ake ndi alongo ake amamva, nyumba zili pafupi. Thoko akukakhala pa lendi ku Matawale. Pa lendi anthu amamva kukuwa n'kukweza wailesi, amati za eni. Chitetezo chomwe mudzi unkapereka osaganizira, ife tichite kuchikonza. Pakhale anthu awiri omwe azimuona maso ndi maso mwezi uliwonse, osati pa foni pokha, ndipo nthawi zina ali yekha.

Mayi Aakulu: Ine ndi woyamba, Chinamwali ndi Matawale ndi pafupi. Tsono poti mwatsegula nkhaniyi, musaiwale ana ndi okalamba. Mwana watenga ndiwo mumphika, mayi amuotcha manja pambaula. Mwana wopeza kudya pambuyo pa anzake, kugona kukhitchini, kusiyitsidwa sukulu kuti azilera ana a eni nyumba. Kamtsikana kotengedwa kumudzi kuti tikakaphunzitsa, kufika m'tauni n'kukhala wantchito wosalipidwa, bambo a m'nyumba n'kumakalowera usiku. Ndiye agogo. Mwana akangomwalira pamudzi, chala chimaloza nkhalamba yomwe ilibe woiyankhulira.

Limbani: Zonsezo zili ndi malamulo ake amayi. Ana amatetezedwa ndi Child Care, Protection and Justice Act ya 2010, ndipo bambo wothawa udindo atha kusumiridwa kukhoti la ana konkuno ku Zomba kuti azipereka chithandizo, kaya ukwati ulipo kaya unatha. Ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa, lamulo la maukwati la 2015 linatero ndipo malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti agwirizane nalo. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa Witchcraft Act ya 1911. Ndipo mwana akagwiriridwa ndi wachibale, palibe zokambirana pabanja, palibe kulipitsa mbuzi. Banja lomwe labisa lamupereka mwanayo kachiwiri, ndipo wochitayo amapita kwa mwana wina.

Yamikani wa ku Joni: Nanga zolanda katundu pamaliro achimwene? Zija akuchimuna amabwera ndi lole maliro asanaikidwe n'komwe.

Limbani: Lamulo la 2011 la Deceased Estates linaletsa, ndi mlandu. Munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, ndipo ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wamasiyeyo. Izi zitikhudze ifenso tikakhala mbali ya omwalirayo.

Malume Wyson: Limbani, tsono munthu wathu akabwera usiku akuthawa, tichite chiyani mwatsatanetsatane? Ndikufuna ndidziwe poyambira.

Limbani: Choyamba mulandireni, osamufunsa kuti unalakwa chiyani. Wavulala, chipatala. Mujambuleni mabala ndi foni ya wina, chithunzi china chionetse nkhope, china pafupi, ndipo mujambulenso pakatha masiku 2 chifukwa zikwapu ndi zibakera zimaoneka bwino mochedwa. Kenako ku Victim Support Unit, mupite naye wina, ndipo mulembe dzina la wapolisi amene walandira nkhaniyo ndi tsiku. Mwamuna akaimba kufunsa, musanene komwe ali.

Limbani: Kukhoti la majisitireti atha kupempha zikalata zitatu. Protection order imaletsa wankhanzayo kumumenya, kumuopseza, kumulondalonda kapena kufika komwe akukhala ndi kuntchito kwake. Occupation order imalola wozunzidwayo kukhala m'nyumba, wankhanzayo ndiye atuluke. Tenancy order ndi ya nyumba ya lendi, kuti lendiyo ikhale m'manja mwa wozunzidwayo. Zikakhala zoopsa khoti litha kupereka chiletso chongoyembekezera winayo asanaitanidwe. Sikuti ukwati watha ayi, munthu atha kutenga chiletso ali pabanjabe. Chomwe chimalakwika kawirikawiri ndi ichi: chikalata chatuluka, mwamuna wabwera kudzapepesa ndi shuga ndi chitenje, abale ayamba kukakamiza kuti kathetse mlandu, wakumana ndi zotani ana akasowa bambo. Mkazi akathetsa, ulendo wotsatira amachita manyazi kubwereranso. Chikalatacho achite fotokope, china chikhale kwa ankhoswe. Wankhanza akachiphwanya, umenewo ndi mlandu wina ndipo apolisi atha kumumanga.

Tadala: Ndiwonjezere chimodzi chomwe abale timalakwitsa ndi mtima wabwino. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene munthu akuchoka kapena wangochoka kumene, chifukwa wankhanzayo waona kuti chingwe chaduka. Choncho tisamuuze kuti kamuuze kuti ukumusiya. Achoke mwakachetechete, mwamuna kulibe. Asanatero asungitse kwa m'bale kachikwama: chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala ake ndi a ana, mankhwala omwe amamwa tsiku ndi tsiku, masatifiketi, zovala zochepa ndi ndalama ya kabaza. Mkangano ukayamba m'nyumba apewe kukhitchini komwe kuli mipeni ndi moto, ayandikire khomo lotulukira. Ana auzidwe nyumba yothawirako, asalowe pakati kuleretsa. Ndipo akabwerera kwa mwamunayo, poti ambiri amabwerera kangapo asanachokeretu, tisamunyanyale kuti watichititsa manyazi. Tikamutsekera khomo, tamuthandiza wankhanzayo ntchito yomupatula.

Mayi Aakulu: Apa pandikhudza. Timatopa msanga ife, timati mwini wake akuzifuna.

Mlamu Mercy: Akhalenso ndi mawu achinsinsi ndi anthu awiri aja. Akaimba n'kunena mwachitsanzo kuti mundibweretsere lichero lija, ndiye kuti bwerani msanga. Koma mawu enieniwo asalembedwe pano.

Yamikani wa ku Joni: Zoona alamu. Ndipo tigwirizane lero, nkhani ya munthu wina aliyense isadzalembedwe pagulu lino ndi dzina. Tilipo 31, mafoni ena amagwiridwa ndi anthu awiri. Wofuna thandizo aimbire malume, achemwali a Tadala kapena alamu mwachindunji.

Malume Wyson: Ndavomera. Mowa nawo musadzandiuze kuti ndiwo wamenya. Woledzera uja amadutsa anthu onse pamsewu osawakhudza, n'kudzamenya wa kunyumba. Wofuna kusiya mowa timuthandiza, koma mkazi adikire ali pabwino.

Lachinayi

Chisomo: Ndondomeko ndaikonza chonchi, mundikonze. 9 koloko kufika ndi pemphero. 9:30 azimayi ndi Thoko m'nyumba, abambo ndi mkwati kutenti. 11 koloko onse pamodzi, ola lija. Alamu a Mercy ayambe ndi za chuma ndi za m'maganizo mphindi 20, achemwali a Tadala za chipatala mphindi 15, achimwene a Limbani za malamulo mphindi 15, malume atseke ndi zomwe ankhoswe adzachite ndi zomwe sadzachita. 12:30 chakudya.

Mayi Aakulu: Malume ayambe ndiwo, asatseke. Akuchimuna akamva mawu oyamba kuchokera kwa mwinimbumba sakhumudwa. Akayamba ana, aziti taitanidwa kudzaphunzitsidwa ndi adzukulu.

Malume Wyson: Achemwali anena zoona. Ndiyamba ine, ndipo ndipempha nkhoswe wamkulu wa kuchimuna kuti atseke iyeyo, kuti mawu akhale a mbali zonse. Ndimuimbira madzulo ano. Ndimuuzanso kuti zimenezi zikugwera m'masiku 16 olimbana ndi nkhanza aja, oyamba pa 25 Novembala mpaka 10 Disembala, aona kuti si ife tokha tikukamba.

Limbani: Pa pepala lija pakhale malo oti ankhoswe anayi tonse tilembe manambala athu ndi kusaina. Thoko ndi mwamuna wake aliyense atenge lake.

Tadala: Mapepala akhale 40 Chisomo, khomo lililonse litenge, akuchimuna atengenso. Zilembo zikhale zazikulu chifukwa cha agogo. Koma ndikupempha kuti manambala a 5600 ndi 116 alembedwenso patimapepala ting'onoting'ono tokwana m'buku la kuchipatala. Pepala lalikulu lolembedwa za nkhanza likapezeka m'chikwama cha munthu amene ali kale pamavuto litha kumuputira zina.

Chisomo: Ndamva. Fotokope ndichotsa pa ndalama ya tenti yomwe achimwene a Yamikani awonjezera, yafika dzulo. Mpunga makilogalamu 25 agula alamu, nkhuku 8 zichokera kwa malume ku Thondwe, thobwa ndi la Mayi Aakulu. Makomo atsala 3 tsopano.

Mayi Aakulu: Chimera ndanyika kale. Nkhukuzo zifike Lachisanu masana achimwene, tisadzasosole m'mawa alendo atafika. Tadala, ubwere Lachisanu lomwelo udzagone kuno, tikhale pansi ndi azimayi awiri olangiza aja undithandize kuwafotokozera za kuchipinda zija. Ndikawauza ndekha pa foni sadzandimvetsa.

Tadala: Ndifika cha m'ma 5 koloko amayi, ndikaweruka.

Malume Wyson: Nkhuku zibwera pa minibasi ya m'mawa ndi mnyamata wanga. Chisomo, unditumizire pepalalo ndiliwerenge lisanapite kokachita fotokope.